Kachitsulo ka M'mfuti ya Amuna Anga

Munda wathu unali womalizira, ukangoupitirira unkalowa m'nkhalango ya Chongoni. Amene analimapo chimanga m'mphepete mwa nkhalango akudziwa chimene ndikunena: kulima ndiwe, kupalira ndiwe, kubandira ndiwe, koma woyamba kulawa dowe ndi nyani. Chimanga chikangotulutsa ndevu, anyani ankatsika m'matanthwe muja m'mawa uliwonse ngati anthu opita ku ganyu. Ndipo nyani sathyola chimodzi n'kukhuta. Amathyola ichi, kuluma kamodzi, kutaya, n'kuthyola china. Gulu limodzi likangokhala m'munda kanthawi kochepa, upeza mizere khumi yagona.

Mundawo unali wa amayi anga, pakuti kwathu n'kwachikamwini. Amuna anga anachokera kumudzi wina wa cha ku Bembeke kudzamanga nyumba pamudzi pathu. Anali mmisiri wa matabwa kumishoni, munthu wofatsa, wosamwa mowa, wa manja aluso. Chilema chawo chinali chimodzi: chinthu chikamagwira ntchito bwino, iwo sankapeza mtendere mpaka atadziwa ngati sichingagwire bwino koposa. Chitseko cha nyumba yathu anachizula katatu chili chabwinobwino, ati chinkalira pang'ono potseka.

Mfuti ija anawapatsa ndi bambo mfumu wina wachizungu amene ankabwerera kwawo atakalamba. Sinali mfuti ya onga ayi, inali ya mpweya. Pansi pa paipi yotulukira chipolopolo panali paipi ina yonenepa yosungira mpweyawo, ndipo ankaupopa ndi pampu yoimirira, yonga ya njinga koma yolimba zedi, yoti munthu unkachita kuigwera ndi thupi lonse mpaka thukuta kamukamu ngakhale kuzizire bwanji. Tizipolopolo take tinali ta mtovu, tating'ono ngati nandolo, todzaza chitini chimodzi chonga cha polishi wa nsapato. Chitinicho chinali chimodzi chokha basi, ndipo ku Dedza konse kunalibe sitolo yogulitsa tizipolopolo totere. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa amuna anga anaiiwala.

Zaka zimenezo munthu sunkalankhula mokweza za mfuti, ngakhale yophera njiwa. Bambo mfumu anawalembera kapepala, koma mfutiyo inkakhala m'nyumba pa zikhomo ziwiri kuseri kwa chitseko, n'kumatuluka itakulungidwa m'chiguduli.

Mfutiyo sinkapha nyani. Inkangomuluma pamatako molapitsa, ndipo zimenezo zinali zokwanira, chifukwa ukalasa nyani wamkulu wotsogolera gulu, onse amathawa n'kukhala masiku osabwera. Amuna anga ankaidziwa mfuti yawo ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Ikangopopedwa kumene, mpweya uli wambiri, chipolopolo chinkakwera m'mwamba, ndiye ankaloza m'munsi pang'ono. Pakatikati inkalunjika bwino. Mpweya ukayamba kuchepa, chipolopolo chinkagwa msanga, ndiye ankaloza pamwamba. Zonsezi ankazimva ndi khutu, ndi kaliridwe ka mfutiyo. Chaka choyamba chija anangothera tizipolopolo tochepa, nkhokwe n'kudzaza mpaka kudenga. Ngakhale amayi anga, amene pakamwa pawo sipankatuluka chiyamiko wamba, ananena pamaso pa anthu kuti mkamwini ameneyu ali ndi ntchito.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndilibe nkhani.

Chaka chachiwiri, mvula ya Januwale ili mkati, amuna anga anaganiza zokonza bokosi limene mfuti inabweramo. Palibe chimene chinawonongeka, ndanena kale za khalidwe lawo. Atamatula nsalu ya m'kati anapeza kachitsulo ka mkuwa kokulungidwa m'kansanza, kakakulu ngati chala chamanthu. Anakatembenuza tsiku lonse, mawa lake n'kukwera njinga ulendo wa ku boma, kwa bambo wina wachisilamu amene anali ndi kagolosale m'mbali mwa msewu waukulu, amenenso ankakonza nyali zopopa ndi mbaula za palafini. Anabwera madzulo nkhope ikuwala ngati apeza ndalama panjira.

"Mayi, mukudziwa kuti aka n'kachiyani? Akuti ndi legyuleta."

"Kamadyedwa?"

"Imvani kaye. Kamalowa m'kati, pakati pa mosungira mpweya ndi potulukira chipolopolo. Kamayeza mpweya. Chipolopolo chilichonse chimalandira wofanana, choyamba mpaka chomaliza. Zoloza m'munsi, zoloza pamwamba, zonse zija zitha."

"Nanga zolozazo zinkakuvutani?"

"Iyayi, sizinkandivuta."

"Ndiye kathandiza chiyani?"

Anayang'ananso kachitsuloko. "Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti bambo mfumu anakachotseranji. Munthu wophunzira ngati uja sangachotse chinthu popanda chifukwa. Komanso amene anapanga mfutiyi sangaikemo chinthu popanda chifukwa. Mmodzi mwa awiriwa analakwa."

Ndinawauza kuti bambo mfumu ali kutsidya kwa nyanja, wopanga mfutiyo sitikumudziwa, koma chimanga chili pomwepa ndipo chayamba kumasula. Anangoti eya, eya, maso ali pa kachitsulo.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panasanduka sukulu. Anakhoma thabwa pachulu kuseri kwa khola, n'kujambulapo kadontho ndi khala. Akaweruka kumishoni, chiguduli pansi, zitsulo mbwee pamphasa, kachitsulo kalowa. Kupopa, kupopa, kupopa. Kenako pha! pha! pha! kakhumi. Tizipolopolo tonse tinaunjikana malo amodzi, moti ukanatha kutiphimba ndi chala. Anandiitana ndili kusinja kuti ndidzaone, ndipo ndinaona, n'kunena kuti zili bwino, kasiyeni momwemo. M'mawa mwake anapeza mfuti ilibe mpweya ngakhale pang'ono. Kamphira ka m'kachitsulo kanali kokalamba, ndipo ndi kuzizira kwa kwathu kuja kanauma, mpweya wonse n'kuthawa. Ndiye anakachotsa, n'kuomberanso kakhumi kopanda kachitsulo kuti ayerekeze. Kenako anadula kamphira kena kuchokera ku chubu cha njinga, kachitsulo kalowanso, kuomberanso kakhumi. Kamphirako kanali konenepa. Anadula kena. Kanali kopyapyala. Chilichonse chimene ankapeza ankalemba ndi khala kuseri kwa chitseko, mpaka chitseko chonse chinada ngati m'khitchini.

Ine sindinkawerenga zolembazo. Ndinkamvera chitini. Poyamba ukachigwedeza sichinkalira n'komwe chifukwa chodzaza. Pofika pakati pa Febuluwale chinali chitayamba kuchita cheke cheke ngati chisekese, ndipo mtima wanga unkapweteka nthawi iliyonse ndikamva pha! kuseri kwa khola.

"Bambo, kodi thabwalo linakudyerani chimanga?"

"Ndatsala pang'ono kudziwa, mayi."

"Mukadziwa mudzaombera chiyani? Malovu?"

"Tilipo tambiri."

"Sankhani chimodzi. Kalowe kapena katuluke. Mapanga awiri avumbwitsa."

Ankavomera, chifukwa amuna anga sankakangana ndi munthu. Ankangoti zoona mayi, zoona, mawa lake pha! pha! pha! Munthu wolalata umatha kumulalatira. Koma munthu wovomera chilichonse n'kumachita zomwezo amakusiya uli ndi mkwiyo wosowa pouika. Tsiku lina iwo ali kuntchito ndinatsegula chitini, n'kutengamo tizipolopolo tisanu, n'kutimanga pakansanza, n'kutikwirira pansi pa mchere m'kamphika. Sindinaone ngati ndikuba, mundawo unali wodyetsa ana anga atatu.

Amayi anga sakanatha kulankhula maso ndi maso ndi mkamwini wawo, mwambo sulola. Ndiye ankaima pakhomo pawo n'kumalankhula ndi nkhuku, mokweza kuti mawu afike pamphasa ija. "Idyani, idyani nkhuku inu, chaka chino gaga kulibe. Ena akulima pathabwa." Amuna anga ankangowerama. Ine manyazi ankandigwira, komanso mumtima ndinkati amayi akunena zoona.

Anyani anatsika kumayambiriro kwa Malichi, m'mawa wa nkhungu. Tsiku limenelo mfuti inali zidutswazidutswa pamphasa, chifukwa dzulo lake kasipuling'i kena kanadumpha n'kugwera m'fumbi, ndipo tinali titasesa bwalo lonse osakapeza. Ndinathamangira kumunda ndekha ndi chitini chamadzi ndi mtengo wochiimbira. Ndinaimba, ndinakuwa, ndinagenda miyala mpaka phewa kuwawa. Koma aliyense wa kwathu adziwa kuti nyani saopa munthu wamkazi. Akaona chitenje amadziwa kuti apa palibe nkhondo. Chinyani chachikulu, cha ubweya wotuwa m'khosi, chinakhala pachitsa chikusenda chimanga changa mosafulumira, chikundiyang'ana. Chitakhuta chinadzikanda m'mimba n'kuthyola china. Ndinalira ndi ukali tsiku limenelo, osati ndi chisoni.

Kasipuling'i kanapezeka patapita masiku atatu, m'thumba la malaya awo omwe. Masiku atatuwo anyani anamaliza mbali yonse ya kumtunda. Amuna anga ankapita nawo kukalinda ndi mkondo ndi legeni m'mawa, koma kumishoni kunali ntchito ya mabenchi a Pasaka, ndipo anyani ankadziwa nthawi imene njinga yawo inkachoka.

Ndiye tamverani izi. Loweruka la sabata imeneyo anaika kamphira katsopano kamene bambo wa golosale uja anawapatsa, kochokera m'pampu ya nyali. Kanagwira. Mfuti inagona ndi mpweya, n'kudzuka nawo. M'malo mopita nayo kumunda, anati aone kaye ngati kachitsulo kakuyezabe bwino ndi kamphira katsopanoka. Pha! pha! pha! Ndinamva kulira kwa mfuti kukusiya, kenako zii. Nditapita kuseri kwa khola ndinawapeza atakhala pansi, chitini chili chotsegula pamwendo, mulibe kanthu.

"Kakugwira ntchito bwino kwambiri tsopano," anatero ndi mawu otsika.

Ndikanatsegula pakamwa tsiku limenelo, ukwati ukanathera pachulu pomwepo. Anayesa kukolokosa tizipolopolo m'thabwa ndi mpeni, koma tinali titaphwanyika ngati chimanga chokonola. Za tisanu ta mumchere sindinanene. Ndinkawadziwa amuna anga: akanati titatu tokha tiyesere, tiwiri tisunge.

Lolemba anapempha tchuthi kumishoni, ati apite ku Lilongwe, mwina kumasitolo a amwenye akapeza tizipolopolo. Asananyamuke anapopa mfuti mpaka kudzaza, kachitsulo kali momwemo, n'kuipachika pa zikhomo zake. Njinga itangozimiririka, ndinatsegula bokosi la zovala. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinatenga buluku lawo lakale lakhaki, jekete ndi chipewa, n'kukulunga zonse pamodzi ndi mfuti m'chiguduli, ngati ndikupita kukatola nkhuni.

Ana a masiku ano sangamvetse kuti ndinkaopa chiyani. Nthawi imeneyo mkazi kuvala buluku unali mlandu, lamulo lenileni la boma, ndipo anyamata a chipani sankafunsa kawiri. Ndinavalira m'chilindo, kansakasa kathu kolindiramo kumunda, n'kumanga m'chiuno ndi luzi chifukwa bulukulo linkagwa. Nditatuluka n'kuima pamzere, mfuti paphewa, anyani amene anali atayamba kale kutsika anaima. Anayang'ana, n'kubwerera m'matanthwe. Ndinaseka ndekha mpaka misozi. Masiku onse aja ndinkang'amba kukhosi, chonsecho mankhwala ake anali m'bokosi la zovala.

Tsiku lachiwiri ndinatembenuka n'kupeza mayi wina ataima m'malire a munda, khasu paphewa. Anali wapampando wa amayi a chipani m'mudzi mwathu, yemwe ankatitenga kukavina kukabwera akuluakulu, ndipo munda wake unali woyandikana ndi wathu. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, nthawi yaitali.

"Akuthawa?" anafunsa.

"Akuthawa, mayi."

"Ndiye muziimako cha kuno, bambo, kuti ndi kwanga komwe aziona." Ananena osaseka ngakhale pang'ono, n'kupitiriza ulendo wake.

Koma nyani si chitsiru. Tsiku lachitatu chinyani chotuwa chija chinakhala pamwala chikundiyang'anitsitsa. Kaya chinaona mayendedwe, kaya chinamva ndikutsokomola, sindidziwa. Chinatsika pang'onopang'ono, n'kulowa mzere woyamba, n'kuthyola chimanga maso ali pa ine. Ena onse anayamba kutsatira.

Ndinamasula kansanza kaja. Kuika chipolopolo ndinkadziwa, nanga si ndinali nditaonerera kosawerengeka, mosafuna. Koma za kuloza m'munsi kapena pamwamba sindinkadziwa kanthu, ndipo khutu langa silinkasiyanitsa kulira kwa mpweya wambiri ndi wochepa. Ndinatsamira pamtengo wa chilindo, n'kudikira kuti chitembenuke, n'kuloza pamatako pofiira pomwe paja. Pha! Chinadumpha m'mwamba ngati chapondera khala, chikukuwa mokuti mapiri anayankha. Ndinaikamo china, n'kuloza nyani wachiwiri amene anaima kudabwa. Pomwepo. Chachitatu ndinaombera wina ali pamwala patali ndithu, ndipo nayenso anagwira pamene ndinaloza. Gulu lonse linabalalika, ana akulendewera pamimba za amayi awo. Sanabwerenso kufikira tinadula chimanga n'kusanja mikukwe pafupi ndi nyumba.

Nditakhala pansi m'chilindo, chimwemwe chinangokhala pang'ono, kenako mkwiyo unabwera. Ndinazindikira kuti chimene chinandithandiza ndi kachitsulo komweko kamene ndinkakatukwana miyezi iwiri. Pakanapanda iko, choyamba chija chikanadutsa pamwamba pa nyani, ine osadziwa chifukwa chake. Zinandiwawa ngati ndagonja pamlandu.

Amuna anga anabwera tsiku lachinayi chimanjamanja, atatopa, milomo itauma. Ku Lilongwe anangowaseka, wina n'kuwafunsa kuti mfutiyo ali nayo ndi chilolezo cha ndani, iwo n'kuchoka msanga. Ataona kuti anyani sakubwera anadabwa. Ndinawauza za buluku, za mayi wapampando, tinaseka. Za tizipolopolo sindinanene. Atatsitsa mfuti anaona kuti mpweya wachepako, ine n'kunena kuti kaya, mwina kamphira kanu kayambanso. Ndinawaona nkhope ikugwa, koma ndinalimba mtima. Sindinafune kuti munthu amene anatidyetsera theka la munda amve kuti anali ndi mbali yolondola.

Nkhokwe chaka chimenecho inangofika m'chiuno. Tinayesa kudya mosamala, kusakaniza ndi mbatatesi, koma pofika Disembala ndinali ndikusesa pansi pa nkhokwe. Amayi anga anasiya kulankhula ndi nkhuku, anayamba kulankhula ndi alongo awo, ndipo ndinamva mawu akuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, akutchulidwa kawirikawiri. Ana anayamba kugona msanga masana, osasewera.

M'mawa wina ndikuchokera kumadzi ndinapeza njinga palibe. Kuseri kwa chitseko zikhomo ziwiri zija zinali zokha, pampu palibe, bokosi palibe. Anabwera dzuwa litapendeka akukankha njinga, matumba awiri a chimanga atamangidwa pakaliyala ndi pafelemu, kuchokera ku boma wapansi, zitunda zonse zija. Anatsitsa matumbawo pakhonde, n'kukhala pansi, n'kupempha madzi.

"Mwapereka kwa bambo wa golosale?"

"Eya. Akuti ali ndi mbale wawo woyendetsa malole ku Joni, tizipolopolo adzawabweretsera." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kachitsulo ka mkuwa kaja. "Aka anakana. Akuti ndichotse, zinthu zikachuluka m'kati zimangovuta."

Anakatembenuza m'manja kanthawi. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Mayi, ndinalakwa, ndikudziwa. Koma pamudzi pano changa n'chiyani? Munda ngwa amayi anu, malo a nyumba ngakwanu, ana ndi a amalume awo. Mfuti ija yokha ndiyo inali yanga. Ndinkafuna ikhale yabwino kotheratu."

Zaka khumi ndi ziwiri tili limodzi, anali asananenepo mawu otere. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse: za kamphika ka mchere, za chinyani chotuwa, za pha! katatu. Anamvetsera pakamwa pali yasa.

"Katatu konse zinagwa pamene munaloza?"

"Pomwepo."

"Ngakhale wapamwala uja?"

"Ngakhale iyeyo."

"Ndiye kanali kothandiza."

"Kanathandiza ine wosadziwa kanthu. Inu simunkakasowa, bambo. Munali nako kale m'khutu mwanumo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, mwina apepesanso, mwina andikalipira chifukwa chonama. Koma iwo anatukula nkhope, maso akuwala monga tsiku lija anachokera ku boma.

"Mwati munatenga tisanu. Nanga tiwiri tinato tili kuti?"

Ambuye andikhululukire, ndinafuna kuwaphwanyira chikho chamadzi pamutu. Komabe ndinalowa m'khitchini, n'kufukula mumchere, n'kubwera nato. Anatiika pachikhatho pambali pa kachitsulo kaja, n'kutipukuta mchere ndi chala.

"Tikanangoyesa kamodzi kokha," anatero, "inuyo mukuombera kopanda kachitsulo. Tikanadziwa bwinobwino."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilalate. Koma ndinaona mapazi awo atang'ambika ndi ulendo, ndinaona matumba awiri pakhonde, ndipo kudzera pachitseko chodetsedwa ndi makala chija ndinaona zikhomo ziwiri zopanda kanthu. Ndinatenga lichero n'kumasula thumba loyamba, iwo akadali chikhalire pamenepo, dzanja lili chitambasulire.